Mmene Amayi Anayambiranso Kudzidyera Okha Atadwala Sitiroko

Amayi anga ali ndi zaka za m'ma 70. Sitiroko inawagwira mbali ya kumanja, ndipo tsiku limene tinkatuluka m'chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ankatha kukhala tsonga, koma supuni inkawapulumuka m'manja. Ambirife tikamva za mafizo timangoganiza zoyenda. Koma munthu wamkulu akabwerera pakhomo amafunanso kuvala, kusamba ndi kupita kuchimbudzi popanda kuitana mdzukulu. Imeneyo ndiyo ntchito ya a occupational therapy, amene kuchipatala amangowatchula kuti a OT.

Zonse zimayambira m'buku la kuchipatala. Tisanatuluke mu wodi ndinapempha adokotala kuti alembemo zoti amayi akaonedwe ku mafizo komanso kwa a OT, kenako ndinakatenga deti. Ngati wodwala wanu ali kale kunyumba, yambirani kuchipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ku Kawale kaya ku Area 25, akupatseni kalata yopitira ku Central. Lawirirani m'mawa, ndipo konzekerani ya takisi, chifukwa munthu wofa mbali imodzi simungamukweze kabaza.

Wopita nawo akhale amene amawasamalira tsiku ndi tsiku, osati amene wangopezeka kuti ali ndi mpata. A OT amafunsa zinthu zoti mlendo sangayankhe: amagona pabedi kapena pamphasa? Chimbudzi n'chokumba? Pakhomo pali masitepe angati? Ine ndinawaonetsa zithunzi za pafoni, ndipo zinathandiza kuposa kufotokoza.

Kenako anatembenukira kwa amayi. "Agogo, musanadwale mumakonda kugwira ntchito yanji?" Amayi, amene lilime linali lolemerabe, anayankha kuti kusankha nyemba. Basi, nyemba zinakhala mankhwala. Madzulo aliwonse tinkawaikira lichero pamiyendo, dzanja lodwalalo likupanikiza lichero, labwinolo likusankha, mpaka zala za kumanja zinayamba kutolako imodziimodzi.

Zina n'zazing'ono koma simungazitulukire nokha. Povala bulauzi, mkono wodwala ndiwo uyambe kulowa. Povula, ukhale womaliza. Chogwirira cha supuni tinachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti chinenepe. Pansi pa mbale timayala kansalu konyowa kuti isatsetsereke. Kalipentala wa pamsika anatiboolera mpando wa matabwa woika pamwamba pa dzenje la chimbudzi, n'kukhoma chitsulo chogwirira pakhoma. Ndipo a OT anatichenjeza kolimba: powadzutsa, tisamakoke mkono wodwalawo, chifukwa phewa limaguluka mosavuta.

Povuta panali pa nsima. Amayi anakana kwamtuwagalu kudya ndi dzanja lamanzere, ati n'kusowa khalidwe, bola azidyetsedwa. A OT sanakangane nawo. Anangoti, "Agogo, lamanzere likungogwirizira udindo mwini wake akudwala." Amayi anaseka, ndipo usiku womwewo anatema okha mbamu yoyamba. Pamenepa achibale ena anandiona ngati wouma mtima, kuti ndikungoyang'ana mayi anga akulimbana ndi batani. Ine ndimati kuwachitira chilichonse n'kumene kumaumitsa dzanja, makamaka m'miyezi yoyambirira imene thupi limachira msanga. Zoti anawalodza zinanenedwanso, monga mwa masiku onse. Chomwe chinapezeka kuchipatala ndi BP yokwera, ndipo mankhwala ake sitidumphitsa.

Kuchipatala mumangokhalako kanthawi, ntchito yeniyeni ili pakhomo. Choncho chilichonse chimene akuphunzitsani, chiyeseni pamaso pawo musananyamuke, akukonzeni pomwepo. Pofika deti yotsatira muziwauza chimene chakanika, osabisa. Ife tinanena kuti kumanga chitenje ndi dzanja limodzi kwalephereka, ndipo anatilangiza kusokerera lamba wa lasitiki m'chiuno mwake. Telala anatikonzera zitatu.