Musanakongole ndalama ya kamera, olipira kale alipo angati?

Masiku ano aliyense ali ndi kalasi yake ya pa intaneti eti. Wina akuphunzitsa kuphika makeke, wina Excel, wina kupanga sopo wamadzi, wina kaodedwe ka katundu ku China, ndipo ine sindidana nazo ayi chifukwa nanenso ndimadyera momwemo, ndimaphunzitsa anthu a mageni ang'onoang'ono kusunga mabuku a ndalama kudzera pa WhatsApp. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi funso lomwe limangobwerabwera ku inbox, loti kodi ndikakongole kuti, ndikufuna laputopu yatsopano, kamera, nyale zozungulira zija, ndipangitsenso website kuti anthu aziona kuti sindikusewera. Ndikafunsa kuti nanga amene alipira kale alipo angati, yankho lake limakhala loti ambiri aonetsa chidwi. Abale, chidwi sichibweza ngongole.

Ndalama yobwereka kuno kwathu ndi yodula, tisanamizane. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti, ndiye banki yanu imaika zake pamwamba, kuphatikiza timafizi tina toyendetsera fomu ndi inshulansi, ndipo isanakupatseni ikufunanso chikole, ikufuna ione mmene akaunti yanu imayendera. Munthu wophunzitsa pa foni chikole chake n'chani, gulu la pa WhatsApp? Ndiye ambiri amathawira ku banki mkhonde, ena mpaka kwa akatapila, kumene chiwongoladzanja amawerenga pamwezi osati pachaka. Tingoyerekeza, mwatenga K500,000 pa 20 peresenti pamwezi, ndiye kuti K100,000 ikupita mwezi uliwonse ngongole yeniyeniyo musanaikhudze n'komwe. Ngati kalasi yanu ndi K25,000 munthu mmodzi, ophunzira anayi oyambirira mukuphunzitsira amayi a ku banki mkhonde. Ndipo amayi aja sachedwa, tsiku lokumana likakwana akufuna ndalama yawo, zoti kalasi ya mwezi uno sinadzaze alibe nazo ntchito.

Apa ndi pamene geni yathuyi imasiyana ndi ya okala kapena ya kaunjika. Wa kaunjika akakongola amagula belo, zikavuta amatsitsa mtengo n'kupezako kangachepe kobweza. Inuyo mukalipira munthu wopanga website ndalamayo yapita basi, simungaigulitse kwa wina. Kamera mwina, koma pa mtengo wolira.

China chomwe anthu saganizira, zambiri zomwe timalipira pa intaneti ndi za madola pomwe ophunzira athu amalipira makwacha. Zoom yolipira ija, hosting (malo osungira website pa intaneti), kutsatsa pa Facebook, zonsezo dola. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700 usiku umodzi, ndipo amene anali atamanga kalasi yake yonse pa zinthu zolipira mwezi ndi mwezi anangodzuka bilu itakwera, osanenanso za kusowa kwa forex komwe khadi limangokana ukafuna kulipira kunja. Koma pitani mukauze ophunzira kuti fizi ndakweza chifukwa cha dola muone mmene gulu likhalire zii.

Ophunzira ambiri sakufuna n'komwe website yanuyo. Ali ndi bandulo ya WhatsApp, mwina ndi ya Facebook, foni yodzadza kale ndi zithunzi za ukwati, netiweki yake yochita kukwera pachulu. Vidiyo yaitali yooneka bwino kwambiri imawathera bandulo, ena saitsegula n'komwe. Voice note yomveka bwino, ka PDF kopepuka, kavidiyo ka mphindi zitatu, izi ndi zomwe zimayenda, ndipo magetsi akathima munthu amadzamvera usiku akatchaja. Kulipira ndi pa Airtel Money kapena Mpamba, atumiza screenshot, mwamulowetsa mu gulu. Zonsezi foni yomwe muli nayo kale ikutha.

Ndiye ine ndimati yambani mwagulitsa kaye. Lengezani tsiku loyamba kalasi, nenani kuti malo ndi ochepa, wofuna alipireko theka kuti asungitse malo. Amene watumiza ndalama ndiye kasitomala, enawo ndi oonerera. Mukachita maulendo angapo mudzaona nokha kuti mwezi wabwino ndi uti, chifukwa nayonso geniyi ili ndi nyengo zake, January ndi February anthu ali pa fizi ya ana ndi feteleza, m'nyumba ufa wachepa, palibe amene akuganiza za Excel, pomwe anthu akakolola kapena kumapeto kwa mwezi malipiro akalowa foni imalira. Ngongole yobweza sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi siidziwa zimenezo.

Dziwaninso kuti manotsi anu azafalikira, muzangowapeza mu gulu lina mwaulere, dzina lanu atafufuta. Osataya nthawi kulusa. Chomwe munthu sangaforwade ndi inuyo kumuchongera ntchito yake, kumuyankha funso la pa shopu yake yeniyeniyo, kumuuza kuti apa mwaphatikiza ndalama ya geni ndi ya ndiwo. Mtengo wanu ukhale pa zimenezo. Za satifiketi nazonso muzinena zoona, ngati simunalembetse ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zaluso, musamapangitse anthu kuganiza kuti pepala lanulo ndi lovomerezeka ndi boma, auzeni kuti ndi longosonyeza kuti anaphunzira nanu.

Sindikuti ngongole ndi tchimo. Ngati makalasi anu akudzadza ndipo mukubweza anthu chifukwa magetsi amakudulani pakati pa phunziro, kasola ndi batire ndi chinthu chomveka kukongolera, mukudziwa kale ndalama yomwe ikukupulumukani. Kapena kampani yakupatsani ntchito yophunzitsa antchito ake, mwasainirana, ikulipira pakatha mwezi, apo mutha kubwereka yoyendetsera. Pamenepo kafunseni ku SACCO ngati muli membala, kapena ku mabungwe obwereketsa ndalama ngati FINCA, ndipo musafunse peresenti yokha, afunseni kuti ndikatenga yakutiyakuti ndibweza zingati zonse pamodzi, kuyambira liti, nanga ndikachedwa sabata imodzi chindapusa ndi zingati. Akulembereni papepala, mupite nalo kunyumba, muwerengere ndi ophunzira a mwezi wanu woipitsitsa uja osati wa December.