Zikomo nonse, sensa yathu yapirira moto

Lachisanu lapitali sensa yathu, kachida koyezera kutentha mu injini ya ndege, inatuluka m'ng'anjo ili bwinobwino. Tinaitentha mpaka madigiri 1,100, kuiziziritsa, kuitenthanso, mobwerezabwereza, koma sinasupuke ndipo manambala ake sanasokonekere. Ndadikira tsiku limeneli zaka ziwiri, ndiye ndiloleni ndithokoze pagulu.

Ambiri mumandifunsa kuti kodi ndimapanga chiyani kwenikweni. Mapiko a tabaini mu injini ya ndege amazungulira mumpweya wotentha kuposa pomwe chitsulo chawo chingasungunukire, choncho opanga injini amafuna kudziwa kutentha kwa pamwamba penipeni pa phiko. Njira yakale inali kugoba kamzere m'chitsulo n'kukwiriramo waya woyezera kutentha wotchedwa thermocouple. Kugobako kumafooketsa phiko, komanso kumasintha kayendedwe ka kutentha pamalo omwe ukufuna kuyezawo. Ife sensayo timaimata pachitsulo m'makina opanda mpweya: timizere tiwiri, kena ka pulatinamu, kena ka pulatinamu wosakaniza ndi rodiyamu, topyapyala kwambiri kuposa tsitsi. Timizereti tikakumana pamalo otentha timatulutsa timagetsi tochepa tomwe timakwera kutentha kukamakwera, monga wasayansi Thomas Seebeck anatulukira mu 1821.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi alumina, chinthu cholimba chosadutsa magetsi chomwe chimayalidwa pansi pa timizereto kuti magetsi asathawire m'chitsulo. Yanga inkachita timabowo tosaoneka ndi maso. Pena inkasweka chifukwa chitsulo ndi alumina sizifutukuka mofanana zikatentha. Ndikatsegula ng'anjo m'mawa ndinkapeza pulatinamu atapindika ngati khungu la anyezi. Tsiku lina ndinakhala pansi pomwepo n'kulira.

Bambo athu a mu labotale, inu amene dzina lanu silidzalembedwa pa lipoti lililonse, ndilibe mawu okwanira. Munandikhazika pa maikulosikopu n'kundionetsa kadontho ka fumbi pakati pa bowo, kenako munati, "Mwana wanga, makinawa alibe mlandu, ukufulumira." Munandiphunzitsanso kutsuka tizitsulo ndi mankhwala a asetoni, kugwira ndi kapani basi, ndi kukweza moto pang'onopang'ono usiku wonse. Manja anga atayamba kunjenjemera powotcherera timawaya ta pulatinamu, munandilanda mwakachetechete n'kumaliza nokha, magalasi ali pamphuno, mpweya mutaugwira. Sensa yomwe yapulumukayi mawaya ake munalumikiza ndinu.

Aphunzitsi anga ondiyang'anira, ndalama za kafukufuku zitatsala pang'ono kutha simunanditaye. Munandipatsa miyezi ina pomwe ine ndinali nditataya kale mtima. Ambuye akudalitseni.

Ndithokozenso akatswiri a NASA Glenn ku Cleveland, malo ofufuzira a bungwe la ku America loona za mumlengalenga, omwe sindinakumanepo nawo. Iwo anasindikiza poyera ntchito yawo ya masensa opyapyalawa, kuphatikizapo oyezera kutanuka kwa chitsulo opangidwa ndi paladiyamu ndi kiromiyamu. Malipoti awo ndawawerenga mpaka mapepala kuthetheka.

Mayi a ana anga, munalera ana nokha masiku onse omwe ndinkagona pampando pafupi ndi ng'anjo, osadandaula ngakhale kamodzi. Amayi anga, mapemphero anu afika. Anzanga awiri a mu labotale, munkandilondera ng'anjo kuti ndipeze kagone, sindidzaiwala.

Zonsezi zachitika pa kachitsulo kafulati. Mwezi wamawa tiyamba kumata sensa pa phiko lenileni lopindika, lomwe lidzazungulire mu injini yoyesera. Bambo, ndidzakufunaninso pa maikulosikopu paja.