Ulendo wathu wa ku Ojiya ndi Yamakoshi kukaona nsomba za koi

Moni nonse a pagulu, ndati ndikupatseni lipoti la ulendo uja tinapita ife ophunzira amene tili kuno ku Niigata m'dziko la Japan, maka kwa inu amene munalephera kubwera. Tinakwera sitima mpaka ku Ojiya kenako kabasi, unali mwezi wa Okutobala nthawi yomwe alimi amavuula koi, nsomba zoweta zokongoletsera madziwe, m'madamu a dothi, iwo amati ikeage.

Tinayambira ku Nishikigoi no Sato, malo oonetsera koi ku Ojiya, pamene pali dziwe lamkati ndi dimba la chijapani panja, miyala, timilatho, mitengo yodulidwa bwino, ndiye nsomba zikungoyandama mwaulemu zina kutalika kuposa mkono wa munthu wamkulu. Chakudya chake amagulitsa mu kakoni ka ayisikilimu ndipo kakoniko nakonso umaziponyera, zimabwera mpaka kudya mmanja. Apa ndi pamene tinaphunzira kusiyanitsa mitundu itatu yotchuka: Kohaku ndi yoyera ya mawanga ofiira, Sanke ndi yoyera ya ofiira ndi timadontho takuda, Showa ndi yakuda yokhala ndi zofiira ndi zoyera. Poyamba alimi a mmapiri amenewa ankaweta nsomba zakuda wamba kuti azidya nthawi ya chisanu, ndiye m'zaka za m'ma 1800 zina zinayamba kubadwa ndi mitundu iwo nkumazipatula, mpaka mu 1914 anakazionetsa ku chionetsero cha ku Tokyo dziko lonse la Japan nkuzidziwa.

Koma chimene chinandigwira mtima ine si mitunduyo ayi, ndi madzi. Abale anthuwa amasamala madzi kuposa mmene amasamalira nsombayo. Dziwe la mdimba umaliona loyera mbee mpaka pansi nkumaganiza kuti ndi chilengedwe, pomwe kuseri kuli mapampu ndi mafyuluta akugwira ntchito usana ndi usiku. Bambo amene ankatiyendetsa anafotokoza kuti ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala zimatulutsa amoniya yemwe ndi poizoni, ndiye mu fyuluta mumakhala mabakiteriya amene amaisandutsa kukhala chinthu chosaopsa kwambiri, nchifukwa chake fyuluta saitsuka ndi madzi a pampopi a klorini chifukwa upha mabakiteriyawo, amatsukira madzi a mdziwe momwemo. Madzi sasintha onse kamodzi, amachotsa pang'onopang'ono nkuthiramo ena. Kudyetsanso amayang'ana kaye kutentha kwa madzi, koi ilibe chifu ndiye amaipatsa pang'ono kangapo patsiku, madzi akazizira kufika cha mma digiri 10 kutsika amachepetsa kapena kusiyiratu chifukwa chakudya sichigayika. Nsomba yatsopano saiponya mdziwe tsiku lomwelo, imakhala payokha mu thanki kaye kuopa matenda monga koi herpes amene amatha kupulula dziwe lonse.

Masana tinakwera ku Yamakoshi, msewu wokhotakhota, mapiri onse ali madamu okhaokha osanjikizana ngati masitepe pakati pa minda ya mpunga. Mmenemo madzi ake ndi amatope ndithu, ndipo ndi mmene koi imakulira msanga chilimwe chonse nkukhala ndi khungu lowala. Tinapeza azibambo atavala zovala za labala zofika pachifuwa akukoka khoka, madzi ataphwetsa, nsomba iliyonse kuinyamula mosamala nkuiika mu beseni la buluu kenako mu thanki ya oksijeni pa kalole. Zikupita mu nyumba zofunda chifukwa kuno sinowo imaunjikana kupitirira mamita awiri. Derali linaphwanyika kwambiri ndi chivomerezi cha pa 23 Okutobala 2004, madamu anagumuka nsomba zambirimbiri zinafa mudzi onse unasamutsidwa, koma anthu anabwerera nkukumbanso, ine zimenezi zinandikhudza kwambiri.

Chovuta kumva chinali kusankha kwake. Nsomba imodzi imaikira mazira mazanamazana a masauzande koma tiana amatisankha kangapo chilimwe chimodzi, totsala ndi tochepa zedi, nchifukwa chake yabwino imadula, mu 2018 Kohaku ina ya ku Hiroshima inagulidwa pa 203 miliyoni yen.

Mnzathu wina anafunsa ngati tingaweteko kumudzi. Tinakumbutsana kuti koi ili mgulu la nsomba zotchedwa carp, ndipo kwathu nsomba zachilendo zoterezi siziloledwa chisawawa pofuna kuteteza chambo ndi nsomba zina za m'nyanja ya Malawi, ine ndikuona kuti lamulolo ndi labwino. Zomwe tingatenge ndi zoyeza madzi, kudyetsa moyenera ndi kupatula nsomba zatsopano, zimenezi zingathandize alimi athu a makumba ndi chambo m'madamu.

Tagwirizana kuti tidzapitenso nthawi yosankha tiana chilimwe chikubwerachi, amene mukufuna lembetsani msanga kwa a komiti chifukwa kabasi kamatenga anthu ochepa.