Lero ndapeza Hyūga

Lachinayi usiku.

M'mawa nditatsegula gemu yanga ija yosonkhanitsa sitima zankhondo, ndinapeza kuti abweretsa mitundu iwiri yatsopano: sitima zikuluzikulu za mizinga zomwe zimanyamulanso ndege, komanso sitima zoyenda pansi pa madzi zokhala ndi ndege m'mimba mwake. Chitsulo ndi mafuta zomwe ndakhala ndikusunga kwa milungu itatu ndinazikhuthulira zonse kudoko lomangira. Ulendo woyamba kunatuluka kasitima komwe ndili nako kale, wachiwirinso chimodzimodzi. Pa wachitatu wotchi inawonetsa maola ambiri, mtima wanga unagunda. Chakumasana, Hyūga, sitima ya mtundu woyamba uja, inatulukira.

Ndinaiyang'anitsitsa kwa nthawi ndithu. Kutsogolo ndi pakati mizinga ili njo, koma kumbuyo kuli bwalo lathyathyathya loikapo ndege. Maonekedwe amenewa ali ndi mbiri yake. Hyūga ndi inzake Ise, sitima zenizeni za ku Japan zomwe zinamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, zinamangidwa ndi mizinga ikuluikulu 12. Mu June 1942, pankhondo ya ku Midway, dziko la Japan linataya sitima zinayi zonyamula ndege: Akagi, Kaga, Sōryū ndi Hiryū. Posowa pogwira, anazula mizinga inayi yakumbuyo pa sitima ziwirizi n'kuyalapo bwalo lokwana ndege 22. Hyūga inali itavulala kale mbali imeneyo, mzinga wake wina utaphulika mu May chaka chomwecho. Bwalolo linali lalifupi moti ndege zinkachita kuponyedwa m'mwamba ndi makina, ndipo sizikanatha kuteraponso. Zina zinkayenera kutera pamadzi n'kunyamulidwa ndi kireni, zina kukafuna pamtunda.

Chomwe chimandikhudza kwambiri n'chakuti mu October 1944, pankhondo ya ku Leyte, sitima ziwirizi zinapita popanda ndege ngakhale imodzi. Ndege ndi oyendetsa ake zinali zitasowa. Zinapulumuka, koma mu July 1945 zinamizidwa pamadzi osaya pafupi ndi doko la Kure ku Japan.

Madzulo ndinailowetsa m'nkhondo katatu. Ikayang'anizana ndi sitima ya mizinga yeniyeni imachepa mphamvu, ndipo ndege zake n'zochepa poyerekeza ndi za sitima yonyamula ndege. Mnzanga wina wa m'gulu lathu anandilembera kuti, "Achimwene, mwatayira chitsulo m'madzi, iphwasuleni basi." Sindinavomereze. Pankhondo yachitatu ndinaiika kumbuyo kwa mzere, ndege zake zinayamba zawona adani, kenako mizinga isanu ndi itatu ija inamalizitsa sitima yomwe inali itavulazidwa kale. Pamenepo m'pamene ndinaimvetsa: si yotsogolera, ndi yotseka mipata. Ndakondwa kuti opanga gemuyi sanaikometse mopitirira. Akanaipatsa mphamvu zonse ziwiri mokwanira, bwenzi atanama, ndipo sitima zanga zakale zikanasanduka zokongoletsera doko.

Mtundu winawo sindinaupeze. Ndikufunitsitsa I-400, sitima yapansi pa madzi yotalika mamita 122, yomwe inkanyamula ndege zitatu za Seiran zopinda mapiko. Chimodzi mwa zolinga zake chinali kukaphulitsa ngalande ya Panama, koma nkhondo inatha mu August 1945 ndegezo zisanaukire paliponse.

Chitsulo chatsala chochepa. Ndatumiza timasitima tinayi kuulendo wa usiku wonse kokatenga china, ndipo Hyūga ili padoko lokonzera, yatsala ndi mphindi 40.