Khoma limene tinamanga kuti ligwe

Zidina zinafika Lolemba m'mawa pa kalole, 420 pamodzi, ndipo zina 31 zinali zitaswekera panjira. Ndinaziumbitsa ku Mtandire masabata atatu apitawo. Ndi dothi lokhalokha ndi timaudzu pang'ono, zouma ndi dzuwa la Okutobala, zosaona moto. Malo a chionetsero anali bwalo la kuseri kwa nyumba ina yakale yosungiramo katundu ku Old Town, mu Lilongwe. Ndinkafuna kumanga ngodya ya chipinda, makoma awiri okumana ndi felemu ya chitseko, kenako kudutsitsa pamwamba paipi yobooledwa yochokera mumgolo, kuti madzi azidontha usana ndi usiku mpaka khoma litagwa. Anzathu akunja luso lotere amati installation. Ine sabata yonse ndinkangoti chipinda.

Ndinaphunzira kusema ndi kuumba, kumanga ayi, choncho ndinapeza bambo ena omanga nyumba a ku Kawale, kwawo kwenikweni ku Dedza. Nditawafotokozera, anakhala kaye chete akuyang'ana mulu wa zidina uja.

"Ndiye mayi, mukufuna ndimange chinthu choti chigwe?"

"Eya, bambo."

"Nanga mwandiitaniranji ine? Si bwenzi ana atakuunjikirani?"

Ndinawauza kuti asadzivutitse, angosanja mwachangu poti nthawi yatha kale. Sanayankhe. Madzulo atapita ndinasanja ndekha mizere itatu kuti ntchito isunthe. Lachiwiri m'mawa ndinawapeza akuigumula, chidina chimodzichimodzi, osaswa ngakhale chimodzi. Anati ndinalunjikitsa mipata ya zidina pamzere umodzi kuchokera pansi kukafika pamwamba, ndipo khoma lotero limang'ambika ngati nsalu. "Dzina langa lisamveke pakhoma lotere," anatero. Anakoka chingwe, natulutsa levulo, nayamba kulukanitsa ngodya monga amachitira panyumba yoti mugone ana. Tsiku lonse linathera pamenepo, ndipo mtima wanga unali m'mwamba chifukwa Lachisanu, tsiku lotsegulira chionetsero, linali pafupi.

Usiku ndili kunyumba ndi pamene ndinaona kuti iwo ndiwo anamvetsa ntchito yanga kuposa mwini wakene. Mulu wa dothi ukagumuka palibe amene mtima umamupweteka. Chimene chimapweteka ndi kuona chinthu chimene munthu anachiyeza, anachikonda, anathirapo thukuta, chikufewa n'kubwerera kudothi. Khoma loti ligwe liyenera kuyamba lakhala khoma lenileni.

Lachitatu tikudya nsima ya usipa pamthunzi, anandifunsa ngati pali anthu ena padziko amene amachita zoterezi. Ndinawauza za Gustav Metzger, amene anabadwira ku Nuremberg mu 1926 ndipo anathawitsidwira ku England mu 1939 ali mwana, makolo ake n'kuphedwa ndi a Nazi. Mu 1959 analemba kuti pakufunika luso lodziwononga lokha, poti dziko limene limapanga mabomba silingamangokongoletsedwa ndi zithunzi. Mu 1961, m'mbali mwa mtsinje wa Thames ku London, anapachika nsalu za nayiloni n'kuzipopera asidi, anthu akuonerera zikusungunuka. Ndinatchulanso Jean Tinguely, amene mu 1960 anamanga chimakina ku New York choti chidziphwanye chokha pamaso pa alendo.

Bambo aja anasamba m'manja, nati, "Kwathu zimenezo n'zakale. Kasiyamaliro mumamudziwa?"

Ndimamudziwa. Ndinamuonapo ndili mtsikana, ndipo ndinapitako ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, komwe kuli zambiri za gule wamkulu. Koma sindinayambe ndaziika pamodzi ziwirizi. Chilombo chachikulu chija, cha makoko a chimanga olukidwa mwaluso lotere, chimaperekeza womwalira, ndipo mwambo ukatha chimatenthedwa. Palibe amene amati ntchito yapita pachabe. "Zina n'zakudambwe, sitinena," anatero bambo omanga aja, ndipo sindinafunsenso. Zimandiwawa kuti ambirife tinayamba kumva za luso losakhalitsa kudzera m'mayina a ku Ulaya, pomwe gule amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 akuvinidwa kuseri kwa mzinda uno, m'midzi ya ku Mitundu ndi ku Nkhoma.

Lachinayi madzi anasiya kutuluka pampopi, ndipo anyamata awiri anadzaza mgolo ndi zigubu za pachitsime. Kuyesa koyamba kunalephereka. Mabowo amene ndinaboola ndi msomali anali aakulu, madzi ankangokumba tingalande pakhoma n'kuthamangira pansi. Tinasintha paipi, tinaboola ndi singano yotentha, ndipo pabowo lililonse tinamangapo kansanza kuti dontho lizitsika mofatsa. Apanso bambo aja anandiwongola. Anati nyumba ya zidina imagwa ndi mapazi, osati mutu. Madzi akaima m'munsi, mizere yapansi imamwa, imafewa, kenako kulemera kwa pamwamba kumaimaliza. N'chifukwa chake omanga odziwa amakweza khonde ndi kutulutsa denga patali ndi khoma. Tinaika paipi yachiwiri pansi, mozungulira maziko. M'chipindamo ndinayala mphasa, ndinaika mphika wadothi pangodya, ndinakhoma msomali umodzi wopanda chopachikapo.

Tinatsegula Lachisanu dzuwa litapendeka. Anthu anabwera ochulukirapo kuposa mmene ndinkayembekezera: ophunzira, ojambula anzanga, ogwira ntchito m'mabungwe, ndi ena amene anangolowa pochokera kumsika ataona chitseko chotsegula. Bambo wina anafunsa mtengo wake. Nditamuuza kuti palibe chogulitsa, anafunsanso kuti ndiye ndidya chiyani. Funso limenelo ndi loona, ndipo ndalama za zidina, lole ndi amisiri zinachokera ku ziboliboli zimene ndinagulitsa chaka chino.

Koma munthu amene sachoka m'maganizo mwanga ndi mayi wina wachikulire, wovala chitenje chobiriwira. Anaima nthawi yaitali pafupi ndi felemu, akuyang'ana banga lakuda la chinyezi likukwera kuchokera pansi. Ndinapita kukawapatsa moni. Anati anasamukira kuno kwa mwana wawo ku Area 25 kuchokera ku Chilobwe, namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukokolola nyumba ndi anthu omwe.

"Mwamanga bwino, mwanangu," anatero. "Koma siziyenda pang'onopang'ono chonchi. Ife sitinaone kanthu. Tinangomva."

Ndinalibe choyankha. Ntchito imeneyi ndinayamba kuiganiza chifukwa cha Freddy yemweyo, ndipo miyezi yonseyi ndakhala ndi mantha oti mwina ndikuseweretsa maliro a eni ake. Ndinawauza zimenezo mosabisa. Anagwira felemu ija ndi dzanja, naigwedeza pang'ono monga munthu woyesa ngati chitseko chili cholimba, nati abweranso Lamulungu ndi mdzukulu wawo.

Loweruka khoma linali chiimire. M'munsi munali mutatupa, mng'alu unali utayamba pambali pa felemu, koma ngodya ya bambo aja inagwira. Ndinatchera kamera, ndinakhala pampando tsiku lonse, anthu akubwera ndi kupita. Cha m'ma 6 koloko ndinachotsa kamera poona mitambo yakuda kumbali ya Bunda. Usiku umenewo kunagwa chizimalupsa.

Lamulungu m'mawa ndinapeza khoma lalitali lili pansi lonse, mphasa ndi mphika zili m'kati mwa matope. Khoma lalifupi linatsala kufika m'chiuno, felemu itapendama koma isanagwe. Palibe amene anaona. Alonda a pamalopo anati zinachitika cha m'ma 2 koloko, mvula italeka kale. Anamva kaye ngati munthu akukoka thumba lolemera pansi, kenako chiphokoso chimodzi chimene anachimvera m'mapazi, agalu a m'mipanda yonse n'kuyamba kuuwa.

Ndinawapempha kuti akhalebe mpaka masana, kuti mayi a ku Chilobwe aja akafika adzawafotokozere okha. Bambo omanga anafika cha m'ma 9, atavala zakutchalitchi. Anazungulira matope aja kawiri, anagwada pangodya, nawerenga mizere imene inatsala. Inali isanu ndi iwiri.