Mmene ndinasinthira hard drive ya laputopu yanga kuno ku Johannesburg

Laputopu yanga inayamba ndi kuchedwa kuyaka, kenako mkati munayamba kumveka kaphokoso kogogoda kuchokera mu hard drive, chipangizo chosunga mafayilo onse. Mapeto ake inangolemba "No bootable device" n'kuima pomwepo. Achimwene ena a ku Rosettenville anandilangiza kuti ndikaifomate, koma ndinakana. Munali makope a pasipoti, CV ndi zithunzi za ana kumudzi, ndipo kufomata sikuchiza drive yowonongeka, kumangofufuta zinthu zanu.

Ndinafuna ndidziwe kaye chomwe chadwala. Poyatsa ndinadina F2 kuti ndilowe mu BIOS, pulogalamu yoyamba ya makina imene imaonetsa zipangizo za mkati, ngakhale makina ena amafuna F10. RAM, memori imene kompyuta imagwirira ntchito ikayaka, inkaoneka yonse, koma drive inkati ikaoneka, ndikayatsanso yasowa. Ndinazimitsa, kuzula chaja, kuchotsa batire, kumasula ma screw a pansi, n'kuizula drive ija ndi kuibwezeretsa bwinobwino poganiza kuti mwina yangokhwepa. Sizinasinthe.

Apa ndi pamene pafunika kudekha. Mu hard drive muli timbale tozungulira, pa malaputopu ambiri ka 5400 pa mphindi imodzi, ndi kamutu kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osakhudza. Kugogoda kuja kumasonyeza kuti kamutuko kakulephera, ndiye mukamangoyatsayatsa mukuwonjezera bala. Ndinaika drive m'kabokosi ka USB, n'kulumikiza pa kompyuta ya mnzanga. Ndinayamba kukopera zikalata, zithunzi pambuyo, mafilimu osawalabadira n'komwe. Zithunzi zina zinakana, ndipo zimenezo zimandiwawabe. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo inaonetsa chenjezo lachikasu, kutsimikiza kuti mbali zina za timbale zafa.

Yatsopano ndinakagula m'mashopu a makompyuta ku Fordsburg, nditanyamula yakaleyo kuti tiyerekeze. Yanga ndi ya mainchesi 2.5 yokhala ndi polumikizira pa mtundu wa SATA, koma malaputopu atsopano ambiri amalowa drive ya mtundu wa M.2, kakang'ono ngati chingamu, ndiye musagule musanatsegule. Ndinasankha SSD, drive yosunga zinthu m'ma chip, chifukwa mulibe chozungulira, ndipo kwa ife oyenda ndi laputopu m'chikwama m'mataxi a ku Joni, kugwedezeka sikuivulaza. Funsani risiti. Akakupatsani yogwiritsidwa kale ntchito, aiyese inu mukuona, chifukwa pulogalamu ija imaonetsanso maola amene drive yagwira.

Kuika sikunavute: kachitsulo kogwira drive yakale ndinakasamutsira ku SSD, kulowetsa, kumanga. Pa kompyuta ya mnzanga uja ndinatsitsa Media Creation Tool ya Microsoft n'kukonza nayo flash ya 8GB yoikira Windows pa SSD yatsopanoyo. Dziwani kuti zonse za mu flash zimafufutika. Ndinadzaza batire kaye kuopa kuti magetsi angazime ntchito ili pakati, kenako poyatsa kudina F12 kuti ndisankhe poyakira, kusankha flash, kusankha SSD yopanda kanthu. Windows itafunsa product key, nambala ya laisensi, ndinadumpha, ndipo nditalumikiza intaneti Windows inadzitsimikiza yokha, poti laisensi imamangidwa ku makinawo osati ku drive.

Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo ka mkati mwa kompyuta, choncho onani ngati makina anu ali nayo musanatsitse. Yanga inali nayo. Zikalata zija tsopano ndazisunga pawiri, pa SSD ndi pa Google Drive.