Ndinathimitsa sikirini kuti ndimvetse tsamba langa

Miyezi itatu ndakhala ndikulimbana ndi nkhani yopanga mawebusaiti oti anthu osaona azitha kugwiritsa ntchito, ndipo Lachinayi lapitali usiku ndi pamene mutu unatseguka. Mtima wanga wakhala pansi tsopano.

Anzanga amene tikuphunzira zimenezi kuno ku Joni, za alt text (mawu olongosola chithunzi) sindibwereza, nonse mukuzidziwa. Ine ndinkayesa ntchito yonse ndi yomweyo: kulongosola chithunzi chilichonse, kuonetsetsa kuti mtundu wa zilembo ukusiyana ndi wa kumbuyo kwake pa 4.5:1 monga WCAG (malangizo opangira mawebusaiti oti aliyense azitha kugwiritsa ntchito) imanenera pa mlingo wake wapakati wa AA, kenako kuyendetsa Lighthouse, chida choyezera tsamba. Ikandipatsa manambala obiriwira, basi ndakagona.

Usiku umenewo ndinatsegula NVDA, pulogalamu yowerenga sikirini mokweza, n'kuyatsa screen curtain kuti sikirini ide bii, mausi n'kuiponya m'dilowa. Tsamba lake linali fomu yoyeserera yomwe ndinapanga ndekha, ya anthu otumiza katundu kumudzi kuchokera ku Johannesburg kupita ku Blantyre. Ndinadina Tab. Dzina, bwinobwino. Nambala ya foni, bwinobwino. Ndinadinanso, mawu aja n'kundifikitsa kumapeto kwa tsamba. Batani la "Tumizani" silinamveke n'komwe! Ndinabwerera katatu, osalipeza. Batani lokongola lija, lomwe ndinataya madzulo onse ndikulisankhira mtundu, linali div (kabokosi wamba ka pa tsamba) yomwe ndinangoiveka CSS kuti ikongole ndi onclick kuti igwire ukaidina ndi mausi. Kwa munthu woona ndi batani. Pa kiyibodi kulibe kanthu.

Apa ndi pamene ndinagwira mfundo. Pulogalamu yowerenga sikirini siyang'ana tsamba ngati mmene ife timachitira. Imafunsa msakatuli (browser) zinthu zitatu pa chilichonse: dzina lake ndani, ntchito yake n'chiyani, ndipo panopa chili bwanji, chotseka kapena chotsegula, chosankhidwa kapena ayi. Ukalemba button yeniyeni, msakatuli amadziwa kale ntchito yake, Tab amaimapo, Enter ndi Space zimagwira zokha. Ukalemba div, zonsezo uzipange wekha, ndipo uiwalako chimodzi ndithu. Kachizindikiro kanga ka X kotsekera uthenga kanali button yeniyeni koma yopanda dzina, ndiye NVDA inkangoti "button". Batani lotani? Lotseka, lofufuta, lolipira? Munthu angadine bwanji chinthu chomwe sakudziwa kuti chimuchitira chiyani?

Mitu nayonso chimodzimodzi. Pa NVDA ukadina H umadumpha kuchoka pa mutu wina kupita pa wina, ndipo umo ndi mmene munthu amaonera tsamba lonse mwachidule ndi makutu. Ine ndinkasankha mlingo wa mutu, h2 kapena h4, potengera kukula kwa zilembo. Ndinkasokoneza mseu wa anthu osadziwa.

Panopa ndikunena mosabisa: njira yothimitsa sikirini imaposa zida zonse. Zida zoyezera tsamba ngati Axe ndi WAVE n'zabwino, koma zingakuuze kuti alt ilipo osakuuza kuti zomwe walembamo n'zopanda nzeru. Mphindi 20 mumdima zinandiphunzitsa zoposa miyezi itatu ya manotsi. Ndikanakhala mphunzitsi, tsiku loyamba ndikanalanda mausi aliyense.

Izi n'zomwe zimandiwawa. Aphunzitsi athu anaika phunziroli kumapeto kwenikweni, masana amodzi okha, n'kutiwerengera mfundo zinayi za WCAG pa bolodi ngati Malamulo Khumi. Sanatsegule pulogalamu yowerenga sikirini ngakhale kamodzi, chonsecho NVDA ndi yaulere, inzake TalkBack ili kale m'mafoni athu a Android. Mumzinda womwe uno, ku Braamfontein, Khoti la Malamulo Aakulu linagamula mu 2022 mokomera bungwe la Blind SA pa nkhani yoti anthu osaona azipeza mabuku m'njira yomwe angathe kuwerenga. Ife tikuphunzira chapafupi pomwepo, nkhani ya anthu omwewo n'kumaiona ngati ndiwo zoonjezera. Nthawi nayo ikuchepa. Ndikaweruka kuntchito, n'kuima pamzere wa takisi ku Bree, ndimafika kunyumba cha m'ma 8, maso ali gwa.

Komabe pali chomwe chikundisowetsa mtendere. Tsambalo ndinalipanga ndine, ndiye ngakhale mumdima ndimalidziwa pamtima. Mlendo angalimve chimodzimodzi? Nanga amene amaona pang'ono, okulitsa zilembo kufika pa 200%, njira yangayi ikuwathandiza chiyani? Sindinakhalepo pansi ndi munthu wosaona n'kumumvetsera akuyenda pa tsamba langa. Ndikufuna kutero mwezi uno usanathe, kungoti ndikuvutikabe kuti ndikamupemphe bwanji mwaulemu, komanso kuti nthawi yake ndimulipire zingati poti thumba ndi la mwana wasukulu.